Mbendera Inakana Kutambasuka

"Bambo ake, mbendera ya Loweruka likubwerali mupatse munthu wina amange. Inu mtima wanu sunakhale pansi."

Anatero akazi a Chingwe m'mawa wina, ali chiimire pakhomo la shedi yokonzera njinga, kapu ya tiyi ili m'manja. Amuna awo sanadzutse n'komwe mutu. Anapitiriza kumiza chubu m'beseni la madzi kufunafuna pobooka, ngati imene yalankhula ndi wailesi ya kwa aneba.

"Mwandimva kodi?"

"Ndamva. Ikani tiyiyo apo."

"Masiku ano mukumakukuta mano kutulo. Munthu wokukuta mano asamagwire zinthu za gulu."

"Mwayamba liti uneneri? Kapena wakutumani ndi mlongo wanuyo?"

Mayiwo anaika kapu pa tayala lakutha nabwerera kunyumba. Anthuni, mkazi amene mwagona naye chipinda chimodzi mpaka kumera imvi akakuuzani kuti mtima wanu sunakhale pansi, muzimva. Iye ndi amene amaumva ukugunda.

A Chingwe silinali dzina lobadwa nalo ayi. Anawapatsa ndi ana a sikauti, aja ovala mipango m'khosi, oguba pabwalo la sukulu Loweruka masana. Bamboyu anadzipereka ku gulu limenelo asanakwatire n'komwe, popanda malipiro. Loweruka lililonse ankatseka shedi dzuwa lili pamutu, makasitomala akudandaula, nanyamula thumba la zingwe kupita kukaphunzitsa ana a eni kumanga mfundo. Mfundo yomangira hema, yolumikizira zingwe ziwiri, yopulumutsira munthu wogwera m'dzenje, zonsezo zinali m'zala zawo. Akapita ndi ana kumsasa kutchire, milatho ya zingwe imene anawo ankawolokerapo pamwamba pa zigwembe ankamanga ndi iwo. Ena mwa ana amene anawaphunzitsa poyamba anali atabereka, ndipo ana awonso anali atalowa gulu lomwelo.

Tsono tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi shedi, kunali kanyumba kometera. Mwini wake anali mlongo wa mayi aja, alamu awo a Chingwe, amene ana ankawatcha a Lumo. Munthu wa pakamwa, wa nyimbo, woseka mpaka kugwira m'mimba. Ku sikautiko anawatengera ndi a Chingwe omwe, atawaona akungotha masiku ndi kusewera makhadi. Mpango woyamba anawabwereka ndi iwo. Mfundo ankamanga zokhota ngati nkhanu, koma ana ankawakonda koopsa. Mwana wa m'misewu akabwera kudzameta, ankatuluka ali mbuu kumutu, ndiponso atalonjeza kuti Loweruka akapezeka pabwalo. Gulu linakula chifukwa cha pakamwa pawo, zimenezo ngakhale a Chingwe sakanakana.

Chimene chinawononga tulo ta a Chingwe chinabwera pa njinga. Amayi Mtsogoleri, amene ankayang'anira gulu lonselo, anafika pashedi tcheni itaduka, ndipo pamene a Chingwe ankailumikiza, anati:

"Akuluakulu a bungwe akubwera kudzapereka mendulo kwa wodzipereka mmodzi wa gulu lathu. Makolo akhala pansi, asankha a Lumo."

Sipanala inagwa pansi kuti ngwe.

"A Lumo ake ati?"

"Alamu anu. Musatero nkhope, a Chingwe. Ntchito yanu tonse tikuiona. Ulendo winawo ndi inu."

"Ayi, zili bwino," anatero a Chingwe akumwetulira mano okhaokha. "Ife ndi a ulendo wina."

Kuyambira tsiku limenelo msewu uja unachepa. Chilichonse chochitika kometera chinkawalowa m'maso ngati fumbi. Anthu ankaima pakhomo paja kugwira alamu chanza. Amayi ogulitsa masamba anawapititsira mapeyala. Ngakhale kuseka kwa alamuwo, kumene a Chingwe anakumva zaka zonsezi osakulabadira, tsopano kunkawalasa m'khutu ngati sipoko ya njinga.

Lachinayi a Lumo anawoloka msewu, chisa chili kukhutu.

"Alamu! Mwadzuka bwanji, mfumu ya matayala? Mubwere mawa ndikupaleni ndevuzo, mungadzaopseze alendo."

"Ndevu zanga zakulakwirani chiyani?"

"Nanga pojambula chithunzi simudzaima pambali panga? Anthu angadzati ndabwera ndi mbuzi ya mphatso!"

A Lumo anaseka okha mpaka kutsamira chitseko. Kenaka anatsitsa mawu.

"Koma alamu, kunena zoona ndili ndi mantha. Akuti mbendera ndidzatambasula ndine. Mudzandimangire yofewa, mukudziwa manja angawa ndi a lumo basi."

"Musadandaule," anatero a Chingwe. "Ndidzakumangirani."

Muziopa munthu amene wakuyankhani mofatsa maso ake ali pa ntchito.

Asikauti mbendera yawo sakweza ili yotambasuka. Amaipinda bwinobwino, kuikulunga ngati mkeka waung'ono, kenaka n'kuizunguliza chingwe chake cha m'munsi ndi kutsomeka kakhota ka chingwecho pansi pa chozunguliracho. Imakwera pamlongoti ili chikulungire, n'kukakhala pamwamba phee. Nthawi ikakwana, munthu amene wapatsidwa ulemu amakoka chingwe kamodzi kokha, kakhota kaja n'kusomphoka, mbendera n'kuti tambasu pamaso pa onse. Pagulu limeneli, wokulunga ndi kumanga anali a Chingwe nthawi zonse, ndipo panalibe tsiku limene inakanapo.

Loweruka linafika. A Chingwe analawirira pabwalo mame asanaume. Anasesa pansi pa mlongoti, nayala mbendera pa tebulo. Anaipinda, anaikulunga, anazunguliza chingwe. Atafika potsomeka kakhota paja, zala zinaima. M'mutu mwawo anaona alamu akukoka, mbendera n'kuwuluka, anthu n'kuwomba m'manja, mendulo ikung'anima pachifuwa cha munthu amene sadziwa ngakhale kumanga mbuzi.

"Angotuluka thukuta pang'ono," anadziuza. "Anthu aone kuti usikauti si nyimbo."

M'malo mwa kakhota anapisa nsonga yonse, naibweza, naipisanso. Inali mfundo ija yomangira katundu pagalimoto, imene ukamaikoka ndi pamene imaluma. Anaibisa kumbuyo kwa mkulungo, nakweza mbendera pamwamba. Mtima unati myaa, koyamba m'masiku ambiri. Kuzizira kotero musamakukhulupirire, kumakhala kwa kanthawi.

Masana bwalo linadzaza. Makolo anakhala pa mabenchi otengedwa m'makalasi, ena pansi pa mitengo. Ana anaima m'mizere, mipango itasitidwa, mawondo atapakidwa mafuta. Mlendo wamkulu wochokera ku bungwe anali bambo wa imvi, woyenda ndi ndodo, malaya ake odzaza ndi zizindikiro. Analankhula za anthu akuluakulu amene amasiya ntchito zawo ndi mabanja awo kukalera ana a eni. A Chingwe anaima kumbuyo kwa mzere wa ana, manja kumsana. Mawu aliwonse ankawamva ngati akunena za iwo, koma dzina lotchulidwa pamapeto linali la wina. Mendulo inakolekedwa. Ana anakuwa, "A Lumo! A Lumo!" Akazi a Chingwe, amene anakhala pa benchi lakutsogolo, anawombera m'manja mlongo wawo, koma maso anali pa amuna awo.

Wenzulo inalira. Bwalo lonse linati zii. A Lumo anayenda monyang'wa kufika pamlongoti, nagwira chingwe, nakoka.

Mbendera sinasunthe.

Anakokanso. Mlongoti unagwedezeka, mkulungo uli chikhalire pamwamba ngati kadzidzi. A Chingwe anamva kutsekemera kukukwera kukhosi. Anadikira kuti aone manyazi.

Koma a Lumo anatembenukira anthu, nakanda mutu.

"Pepani akuluakulu, mbenderayi ndi yamanyazi. Sinaonepo mwamuna wokongola chonchi pafupi!"

Bwalo lonse linagwa nako kuseka. Ngakhale mlendo wa imvi uja anapukuta misozi. A Lumo anailankhula mbendera mokoma, anaiimbira kanyimbo, ana n'kumavomera. Kenaka analavulira m'manja, nakoka ndi thupi lonse mpaka nsapato kutsetsereka. Anthu anasekanso, nawakonda kuposa poyamba. Kutsekemera kuja kunasanduka ndulu.

Amene sanaseke anali Amayi Mtsogoleri. Anaimba wenzulo.

"Tsitsani mbendera."

Apa ndi pamene a Chingwe anadzidzimuka. M'maganizo awo onse aja anangoona alamu akutuluka thukuta. Zakuti chokwera pamlongoti chimatsikanso, nsanje inali itawabisira.

Mkulungo unatsika pang'onopang'ono, nufikira m'manja mwa Amayi Mtsogoleri. Anautembenuza. Mlendo uja anasendera pafupi, navala magalasi. Ana a mzere wakutsogolo anasuzumira, ndipo kunong'ona kunayenda m'mizere yonse ngati mphepo m'chimanga. Mfundo imeneyo panalibe mwana amene sankaidziwa. Anawaphunzitsa ndi a Chingwe omwe, ndi dzina lake, ndi ntchito yake.

Munthu wina akanatha kunena kuti dzanja linaphonya. Koma mfundo ija inali yaukhondo, yogona bwino, nsonga yake yobisidwa mwaluso. Ngakhale pochita zoipa, zala zawo zinakana kumanga mwauve.

A Lumo anaiyang'ana, nayang'ana alamu awo. Kuseka kunachoka pankhope.

"Mwina ndine ndaisokoneza pokoka," anatero. "Manja angawa mukuwadziwa."

"Mfundo iyi sibwera ndi kukoka," anayankha mlendoyo motsitsa. "Anamanga ndani?"

Mitu yonse inatembenukira kumodzi.

"A Chingwe," anaitana Amayi Mtsogoleri, "bwerani mumasule."

Anayenda pakati pa mizere ya ana awo, bwalo likuoneka kutalika. Anagwira mfundo. Koma alamu anali ataikoka ndi mphamvu zawo zonse, ndipo inali italuma ngati mwala. Anayesa ndi zikhadabo, chikhadabo chinathyoka. Anayesa ndi mano, pamaso pa makolo onsewo. Thukuta linatsikira m'maso. Pamapeto anapisa dzanja m'thumba natulutsa mpeni, chinthu chimene msikauti amachita nacho manyazi, pakuti chingwe chabwino sadula. Anaukankha mwamphamvu. Mpeni unadula chingwe, nupitirira, nung'amba mbendera pakati.

Mayi wina pa benchi anati, "Mayo!" Akazi a Chingwe anaphimba nkhope ndi mpango.

Mbendera inakwera tsiku limenelo yotambasukatu, ndi bowo lake, mlengalenga ukuonekera pakati.

Anthu atabalalika, Amayi Mtsogoleri anapeza a Chingwe akulongedza zingwe m'thumba. Sanakalipe. Bwenzi atakalipa zikanapepukako.

"Thumbalo lisiyeni m'kalasimo, a Chingwe."

"Amayi, inali nthabwala chabe. Ine ndi alamu timaseleulana."

"Makolo andifunsa kale. Mwezi wamawa tikupita kumsasa, ndipo ana awo adzawoloka pa milatho ya zingwe. Akuti tsiku limene mwana wina adzakukwiyitseni, mudzamumangira yotani? Ine ndasowa chowayankha."

"Ine? Ndingapweteke mwana ine? Zaka zonsezi?"

"Ndikudziwa kuti simungatero. Koma m'mawa wa lero ndinkadziwanso kuti mbendera simungaimange chonchija."

A Chingwe anasiya thumba. Anavula mpango wa m'khosi, naupinda, nauika pamwamba pake, ngakhale palibe amene anawauza kutero.

Madzulo ake a Lumo anabwera kunyumba, mendulo ataibisa m'thumba la buluku. Anaima pakhonde.

"Alamu, mukanandiuza. Ine kachitsulo aka ndikanakupatsani, sindikadya ayi."

A Chingwe sanatuluke. Mawu amenewo anawawa kuposa mpeni, chifukwa anadziwa kuti munthuyo akunena zoona.

Ndi momwe anathera usikauti bambo uja. Shedi tsopano imatsegula Loweruka lonse, mpaka dzuwa kulowa. Masana ana a mipango amadutsa mumsewu kupita kubwalo. Amapereka moni mwaulemu, "Mwaswera bwanji, bambo," koma dzina lija palibe amalitchulanso. Mfundo amawaphunzitsa ndi mtsikana wina amene anakulira m'manja mwawo. Wenzulo ikalira kusukuluko, a Chingwe amapopa tayala mwamphamvu kuti asaimve, moti machubu ena a eni aphulikira m'manja mwawo. Kometera kuja sanapondekonso. Wometa wina ali kutali, ndipo kupita kumeneko n'kuuza msewu wonse chifukwa chake. Tsitsi langoti nyankhalala, ndevu zafika pachifuwa, ndipo ana aang'ono osawadziwa akawaona atagwada pa njinga amathawira kumbuyo kwa amayi awo.