Dzina Limene Onias Ankabisa

Mpando umene Onias anakonza unagwetsa Roy Lamulungu masana, atangofika kuchokera ku tchalitchi. Mwendo wakutsogolo unapatuka, ndipo Roy anapezeka ali chagada, Baibulo likadali m'manja.

"Kalipentala wa ku Australia ameneyu?" anatero akudzuka. "Amayi a Mariam, lekani kuseka. Nkhaniyi si yoseketsa."

Ellen, mkazi wake, anatseka pakamwa ndi nsalu yopukutira mbale.

Onias anali bwenzi la Mwayiwathu, mlongo wake wamng'ono wa Roy. Anabadwira ku Zimbabwe, koma agogo ake anali a ku Dedza amene anapita kukagwira ntchito m'mafamu a fodya. Ankayankhula Chichewa chosakanikirana ndi Chishona, ankaimba kwaya, ndipo mowa sankaukhudza. Malume a Roy ndi Mwayiwathu, a ku Ntcheu, anali atasiya nkhani yonse m'manja mwa Roy: akavomera iye, chinkhoswe chichitika mwezi wamawa, akakana, zathera pomwepo.

Roy sanali wokonzeka kuvomera. Msuweni wawo Rabecca anakwatiwa ndi munthu amene ankati ndi injiniya, ndipo patapita chaka kunatulukira mkazi ndi ana atatu ku Bulawayo. Chiyambire nthawi imeneyo, Roy ankakayikira mwamuna aliyense wobwera ndi mbiri ya kutali.

Ndipo mbiri ya Onias inali ya kutali zedi. Ankati anakhala zaka zinayi ku Perth, ku Australia, akumanga nyumba zamatabwa. Tsiku loyamba limene anabwera kunyumba kwa Roy ku Thamesmead, mu London, anafotokoza mosadodoma kuti kumeneko kalipentala amamutcha "chippy", chifukwa cha tizibenthu ta matabwa timene timagwa akamapala. Wamagetsi ndi "sparky", womanga ndi njerwa ndi "brickie", ndipo onsewa pamodzi ndi ma "tradie". Mwayiwathu ankamvetsera maso ali mwee. Koma Roy atapempha kuti alankhule ndi mnzake mmodzi yekha wa ku Perth, Onias anayamba kuyamikira ndiwo.

"Zimene anatiuza zija munthu angathe kuwerenga pa foni ali m'basi," anatero Roy, akutembenuza mwendo wothyokawo. "Ngakhale Angelezi konkuno amati chippy. Nanga kalipentala weniweni angamayendetse galimoto yonyamula matabwa ku Croydon? Bwanji sagwira ntchito yake? Zaka zinayi zimenezo anali kuti, ndipo anali ndi yani?"

"Mwina mpandowo unali wotha kale," anatero Ellen.

"Unkangogwedera. Sunagwetsepo munthu."

Lolemba, ku nyumba yosamalira okalamba ya ku Greenwich kumene ankagwira ntchito, Roy anakokera pambali Craig, mzungu wa ku Australia amene ankathandiza okalambawo kuwongola miyendo. Bambo ake a Craig anali omanga nyumba, ndipo iye anakulira pakati pa macheka ndi utuchi. Roy anamufotokozera zonse.

"Ukufuna ndimugwire bodza?" anafunsa Craig.

"Ndikufuna ubwere udzadye. Ukamadya, uzimufunsa za kwanu."

Lamulungu lotsatira Mwayiwathu ataona mlendoyo pabalaza, anatsatira Roy kukhitchini.

"Achimwene, mzunguyu mwamuitanira chiyani?"

"Ndi mnzanga wa kuntchito."

"Zaka zonsezi mnzanu wa kuntchito sanapondepo muno. Mukufuna kumuchititsa manyazi Onias."

"Ngati alibe chobisa, manyazi achokera kuti?"

Mwayiwathu anatuluka maso atafiira.

Onias anafika atanyamula thumba la malalanje. Atamva kayankhulidwe ka Craig anaima pakhomo kanthawi, ndipo Roy anaona kuti kumwetulira kwake kwazilala. Mumtima anati, wagwidwa.

Anakhala pa tebulo. Mpando wothyoka uja Roy anausiya dala pakona, miyendo ili m'mwamba, pomwe aliyense akanauona. Craig anayamba bwino. Anafunsa za kutentha kwa ku Perth, za mphepo ya kunyanja imene imawomba masana, za ntchentche. Onias ankayankha mwachidule, akuyang'ana m'mbale. Mayankho ake anali olondola, koma Roy sanakhutire. Za nyengo nazonso munthu angawerenge.

Kenako Craig anafotokozera Ellen kuti dzina loti chippy si Aaustralia anayamba nalo. Kalekale amalinyero a ku England ankatcha kalipentala wa m'sitima ya pamadzi "Chips", ndipo dzinalo linawoloka nyanja nawo.

"Ife ntchito yathu ndi kufupikitsa mawu n'kuwapatsa kamchira," anatero. "Koma chippy ndi dzina la aliyense wogwira macheka. Pamalo omangira nyumba munthu amapatsidwanso lakelake, ndipo salisankha yekha. Bambo anga ankatchedwa dzina loti sindingalitchule pamaso pa amayi." Anatembenukira kwa Onias. "Iwe anakupatsa liti?"

Onias anayankha motsitsa mawu.

"Ankangonditcha Onias."

"Zaka zinayi osakupatsa dzina?" Craig anaika foloko pansi. "Zimenezo sindinamvepo, mnzanga."

Roy anatsamira kumbuyo n'kupinda manja. Mwayiwathu ankayang'ana bwenzi lake ngati akumuona koyamba.

"Onias," anatero motsitsa, "ngati sunali ku Australia, nena pano."

Onias anayang'ana mpando wa pakona uja, kenako anayang'ana Roy.

"Tsano," anatero, akugwiritsa ntchito mawu a Chishona otchulira mlamu, "ndinali kumeneko. Dzina anandipatsa. Ankanditcha Butcher."

Craig anaseka mpaka kutsamwa, ndipo Ellen anachita kumupatsa madzi.

"Chikuseketsa n'chiyani?" anafunsa Roy mokwiya.

"Wood butcher!" anatero Craig akupukuta misozi. "Ndi kalipentala amene thabwa likalowa m'manja mwake limatuluka ngati nyama ya pabutchala. Amadula pomwe sipayenera kudulidwa. Mnzanga, unagula makatoni angati?"

"Sindinawerenge," anayankha Onias, nkhope ili pansi.

Craig anafotokoza kuti m'malo ambiri omangira nyumba kwawoko muli mwambo: ukalakwitsa kwambiri, umagulira anzako katoni ya mowa kuti amwe poweruka Lachisanu.

"Mlungu woyamba ndinadula mitanda ya denga n'kuifupikitsa yonse," anatero Onias. "Ine wosamwa, ndinagula mowa wambiri kuposa zidakwa zonse za pamalopo. Anyamata aja ankandikonda kwambiri. Pomaliza abwana anandiuza kuti ndizingonyamula matabwa ndi kuyendetsa galimoto. Kumeneko ndiye sindinalakwitsepo."

"Ndiye bwanji unavomera kukonza mpando wathu?" anafunsa Ellen.

"Alamu atandipatsa, ndikanakana bwanji? Mkamwini amakana ntchito ya kwa apongozi?"

Roy sanamasule manja. Munthu wabodza amadzipatsa dzina laulemu, zimenezo ankadziwa. Koma uyu akanathanso kukhala wochenjera kuposa injiniya uja.

"Imbani foni," anatero. "Kwa abwana anuwo. Pompano, tonse tikumva."

Ku Perth kunali madzulo. Onias anaimba, ndipo pa foni panaoneka bambo wonenepa, wofiira ndi dzuwa, atakhala pakhonde.

"Butcher!" anakuwa bamboyo. "Ukadali ndi zala zonse? Nyumba za ku London zikadali chiimire?"

Onias anamuonetsa anthu a patebulo, n'kunena kuti uyu ndi Mwayiwathu, amene akufuna kumanga naye banja.

"Wapezeka wokulola?" Bamboyo anaitana mkazi wake kuti adzaone, kenako anayang'ana Mwayiwathu. "Mayi, zaka zinayi munthuyu ankangodziwa ntchito, tchalitchi ndi kuchipinda kwake. Tinayesa kumupezera mbeta mpaka tinatopa. Mtengeni, ndi munthu wabwino. Koma macheka muziwabisa."

Foni itadulidwa, Mwayiwathu anatenga lalanje m'thumba muja n'kumugenda nalo Onias pachifuwa.

"Miyezi yonseyi ndakhala ndikuuza anzanga a kuntchito kuchipatala kuti udzandipangira kabati!"

"Ndidzakugulira," anatero Onias. "Ndipo ndidzainyamula ndekha."

Roy anamuyang'anitsitsa mnyamatayo. Kenako anadzuka, analowa kuchipinda n'kuimbira malume a ku Ntcheu. Chitseko anachisiya chotsegula.

"Malume, ndamufufuza. Mkazi wina alibe. Uzani anthu kuti chinkhoswe chilipo." Anamvetsera pang'ono. "Ayi, zoti adzakukhomereni denga iwalani. Ndidzakufotokozerani."

Atabwerera pabalaza anapeza Onias atagwada pakona, akuyang'ana mwendo wa mpando uja.

"Alamu," anatero Roy, "usiyeni."