Kope Lobiriwira la mu Fomu 3B

Madamu Chipewa anawerenganso makope aja kachitatu, uku akunyowetsa chala. Analipo 42. Mu Fomu 3B munali ana 41.

Dzina lake lenileni linkapinda lilime, choncho sabata yomwe anafika kuchokera kutsidya kwa nyanja kudzaphunzitsa Chingerezi mongodzipereka, ana anayang'ana chipewa chake chotambalala ngati lichero n'kumupatsa dzina lotchulika. Patatha miyezi isanu ndi itatu anali atazolowera zambiri: belu la chitsulo cha gudumu la galimoto, choko chodula pakati kuti chikwanire aphunzitsi awiri, moni wotalika kuposa nkhani imene munthu wabwerera. Chilankhulo cha kumeneko ankachiyankhula motsimphina, koma chinkafika kumene chikupita. Chomwe chinamukanika ndi kope limodzi.

Linali la chikuto chobiriwira, lopanda dzina. Lolemba lililonse ankasiya mulu wa makope patebulo la mu sitafu, ndipo Lachiwiri m'mawa ankalipeza lili pakati pa anzake ngati nalonso linalembetsa. Akachonga n'kutuluka pang'ono, lokhalo linkasowa. Zilembo zake zinali zoima njo, zosapendama. Pa mutu wakuti "Ndikadzakula", ana analemba za udokotala ndi kuyendetsa ndege. Wa kope lobiriwira analemba kuti akufuna kudzapuma, kuweta nkhuku, ndiponso kuti munthu asadzamuitanenso ku msonkhano. Madamu anamupatsa 17 pa 20 n'kulemba ndi cholembera chofiira kuti, "Nthabwala yabwino, koma ukhale ndi maloto. Bwera udzandione." Sanabwere.

Nkhaniyi ikanatha kukhala yongoseketsa chikhala kuti panalibe mayeso. Bungwe limene linamutumiza linkalembetsa mayeso a satifiketi ya Chingerezi kamodzi pa chaka, kwa aliyense wa pasukulupo. Mndandanda wa mayina unkayenera kudindidwa ndi a Hedi n'kutumizidwa Lachisanu masana. Wophunzira wake wakhama kuposa onse akanatsala chifukwa chosowa dzina.

"Achemwali, musawonde nazo, ndi mzukwa umenewo," anatero mphunzitsi wa sayansi akutakasa tiyi ndi kumbuyo kwa cholembera. "Mizukwa ya pano imakonda sukulu kuposa ana."

"Mzukwa umalakwitsa masipelo?"

"Umatengera amene akuuphunzitsa."

Madamu anafunsa m'kalasi, ana anangoyang'anana. Anayerekeza zilembo za ana onse 41, palibe zimene zinafanana ndi za m'kope lija. Kenako anaganizira mayi osesa, amene ankachedwa dala pawindo la 3B tsache lili m'manja.

"Ine, mwanangu?" anaseka mayiwo. "Maso angawa, ulusi pasingano amandilowetsera ndi adzukulu. Pawindopo ndimaimira mthunzi."

Lachitatu anakagogoda kwa a Hedi. Anali bambo a thupi lawo, amene anaphunzitsa masamu zaka 26 asanapatsidwe ofesi. Chingerezi chawo cha pa asembule chinali ziganizo zisanu zomwezomwezo, koma ankazigunda ndi mawu amphamvu moti palibe ankaziwerenga. Anamvetsera nkhani yonse akusanja mapepala osanjika kale.

"Madamu, sukulu ino ili ndi mavuto ambiri. Mwana wolemba ntchito popanda womukakamiza si limodzi la mavutowo."

"Koma bwana, akapanda kulembedwa adikira chaka chathunthu."

"Ena adikirapo kuposa pamenepo," anatero a Hedi, n'kuyang'ana wotchi.

Lachinayi Madamu anachita zomwe akanayenera kuchita kalekale. Sabata imeneyo anali atalibisa kopelo m'chikwama chake, ndipo tsopano analeka kuwerenga zolembedwamo n'kuyamba kuyang'ana kope lenilenilo. Pachikuto panali chizindikiro chozungulira cha kapu ya tiyi. Ana samwa tiyi pasukulu, koma mphunzitsi aliyense amamwa. Anatsegula pakati. Tsamba lina linali litang'ambika, ndipo mwini wake analilumikiza bwinobwino ndi timawaya titatu ta sitepula.

Sitepula pasukulupo inalipo imodzi yokha. Teremu yoyamba anaipempha kanayi osaiona n'komwe. Inkakhala mu dilowa ya a Hedi, kiyi wake ali pa lamba, ndipo aphunzitsi onse ankamanga mapepala ndi mapini a telala.

Anayamba kuseka atakumbukira nkhuku zija. Chiseko chinathera panjira atatembenuza masamba n'kuona zimene dzanja lake linalemba mwezi wathawo: "Waulesi iwe, ndikuuze kangati?"

Kupeza yankho kunali kosavuta poyerekeza ndi kulinyamula. Kulowa mu ofesi n'kunena kuti "bwana, ndakugwirani" kukanatseka kopelo mpaka kalekale. Kungokhala chete nakonso kunali kuwasiya a Hedi kunja kwa mayeso.

Lachisanu, nthawi ya 11 koloko, anaika mndandanda patebulo pawo. Masamba ake anali awiri, osamanga. Pansi pa dzina la 41 analemba nambala 42 n'kusiya mzere wopanda kanthu. Kope lobiriwira analigoneka pambali, ngati waliiwala.

"Bwana, mzere womalizawo ndausiya. Mwina mwini wake adutsa muno nthawi isanakwane. Ine ndikatenge choko."

Choko chinali m'thumba mwake. Anakaima kuseri kwa laibulale n'kumawerenga njerwa, mpaka zinakwana mazana awiri.

Atabwerera anapeza mndandanda uli wodinda, masamba ake atamangidwa ndi kawaya konyezimira. Pa nambala 42 panali dzina, m'zilembo zoima njo. A Hedi ankayang'ana kalendala ngati yawalakwira.

"Zaka zinayi ndili pampando uno, Madamu," anatero. "Ku misonkhano ya mahedi Chingerezi chikayamba ndimangogwedeza mutu. Tsiku lina ndidzavomera kugulitsa sukulu osadziwa." Anakhosomola. "Mayesowo amalembera chipinda chimodzi ndi ana?"

"Chimodzi, bwana."

"Yunifolomu?"

"Siyofunika."

A Hedi anapuma mpweya wautali. "Mudzandiike kumbuyo."

"Kumbuyo kumakhala aphokoso."

"Tsiku limenelo kudzakhala zii."

Madamu anatenga mndandanda uja, nkhope ataiumitsa monga mmene ulemu umafunira. Atagwira chitseko anamva dilowa ikutseguka, kope likulowa, kiyi akutembenuka.

"Madamu."

"Bwana?"

"Za ulesi zija ndazilandira, munanena zoona. Koma nkhuku zija si nthabwala. Khola ndinamanga kale. Mukaonenso bwino malikisi atatu aja."