Mpeni Wopanda Nsonga

Kachisanu konse Foromani anakankha ndi chala chachikulu kuti atsegule mpeniwo, koma chalacho chinangotsetsereka pa chigwiriro osapeza kanthu. Kamsomali kotsegulira kanali mbali inayo. Anachita kuutsegula ndi manja awiri, ngati munthu woti sanakulire m'shedi momwemo.

"Ndakuuza kale," anatero mlongo wake ali chiimire pakhomo. "Bambo anasemphanitsa mbali. Ukhoza kuyesa mpaka mawa."

Bambo awo anali atamwalira masiku asanu ndi anayi apitawo. Mtima unangoima ali pa benchi lomweli, tupa ili m'manja. Kwa zaka makumi atatu ankapanga mipeni yopinda, ndipo aliyense ankangowatchula kuti Amisiri. Iwo ndi amene anamupatsa mwana wawo wamkaziyu dzina loti Foromani, chifukwa ali wamng'ono ankakonda kuima pambali pawo, manja kumbuyo, n'kumafunsa ngati ntchito yatha.

Tsono panali gulu la anthu okonda mipeni, amene ankacheza pa foni. Azibambo akuluakulu ndithu, ena a imvi zawo, koma akayamba kukangana za zitsulo mumangoti ndi ochemerera mpira. Kwa miyezi isanu ndi umodzi Amisiri ankawanyanyula ndi zithunzi: lero kachidutswa ka chigwiriro, mawa kasipuling'i, osawaonetsa chinthu chathunthu. Ankangoti ukubwera mpeni woti sanapangepo chiyambire, ndipo woyamba woyeserera adzauonetsa Loweruka lino. Maliro atatha, mtsogoleri wa gululo, mphunzitsi wopuma pa ntchito, anapempha mwaulemu ngati angabwerebe kudzauona. Foromani anavomera asanatsegule n'komwe dilowa ya m'shedi imene munali mpeniwo.

Lero, Loweruka lenilenilo, ndiye anali ataitsegula. Kalanga ine! Kamsomali kali kolakwika. Nsonga palibe, kumapeto n'kozungulira ngati supuni. Sipuling'i yofewa zedi. Chigwiriro chonenepa, chokhala ndi timaenje tinayi tothinana, toti zala za mwamuna aliyense sizingakwanemo.

"Maso anali atawathera," anatero mlongo wakeyo. "Mwinanso mutu. Tingowauza anthuwo kuti sitinaupeze."

"Tiwanamize?"

"Nanga ukufuna aujambule? Auike pa foni, dziko lonse lione kuti Amisiri anathera pa supuni? Dzina lawo ndi lokhalo latsala, mlongo wanga."

Foromani anayang'ananso mpeniwo. Mantha anamugwira. Kodi n'kutheka kuti bambo ake anayamba kusokonekera iye osadziwa? Ankabwera kamodzi pamwezi, n'kucheza maola awiri, diso lili pa wotchi kuti basi isamusiye. Foromani wanji woti ntchito ikuwonongeka iye kulibe? Anapinda mpeniwo, nauponya m'thumba la juzi, n'kulowera kunyumba.

Amayi awo anali pabalaza, pampando wa pawindo, dzanja lamanja lili pamiyendo. Chiwagwirereni sitiroko zaka zitatu zapitazo, dzanjalo linakhala lofumbata, losagwira kanthu. Patebulo panali mbale ya malalanje. Tsiku lililonse ikakwana folo koloko, Amisiri ankasiya ntchito, kusamba m'manja, n'kubwera kudzawadulira lalanje. Ankayamba alawa okha chidutswa choyamba. Likakhala lowawasa ankadya lonse okha, nkhope itakwinyika, n'kudula lina. Tsopano malalanjewo anali atayamba kufota.

"Ndikudulireni limodzi, amayi?"

"Asiye."

Ndi mawu okhawo amene ankalankhula masiku amenewa. Asiye. Zisiye. Ndisiye.

Galimoto inamveka ikuima panja nthawi itangopitirira pang'ono hafu pasiti fili. Foromani anapita kukatsegula chitseko. Analowa anthu awiri: Aphunzitsi aja, ovala jekete ngakhale kunali kotentha, ndi mnzawo wina wa bizinesi ya nyama amene onse ankamutchula kuti Butchala. Anapereka moni kwa amayi, napepesa, n'kukhala pansi. Kenako, popanda wowauza, aliyense anapisa m'thumba n'kutulutsa mpeni wake, nauika patebulo pafupi ndi malalanje.

"Uwu anandipangira mwana wanga woyamba asanabadwe," anatero Butchala. "Pano mwanayo ali ndi ana ake, koma mpeni sunagwedere ngakhale pang'ono. Mkazi wanga amati ndimaukonda kuposa iye. Ine ndimati mpeni sunandiyankhepo mwano."

Anaseka yekha, kenako anakumbukira kuti ali panyumba ya maliro, n'kutsokomola.

"Anzathu ena onse ali tcheru pa foni," anatero Aphunzitsi motsitsa mawu. "Akudikira chithunzi chimodzi chokha. Musatione ngati opanda chisoni. Kungoti kwa ife, iyi ndiyo njira yotsanzikira."

Mlongo wa Foromani anakonza kukhosi. "Pepani kwambiri, akuluakulu. Tafufuza m'shedi monse, koma mpeni uja…"

Foromani anamva kulemera kwa chitsulocho m'thumba. Bambo ake sanabisepo ntchito ya manja awo, ngakhale yolakwika. Ankati ukaibisa, mawa udzailakwitsanso.

"Ndi uwu," anatero, nauika patebulo. Sanamuyang'ane mlongo wake, koma anamumva akupumira m'mwamba.

Aphunzitsi anapukuta manja ndi kansalu, nanyamula mpeniwo ngati dzira. Chala chawo chachikulu chinapita pamalo pake, n'kutsetsereka. Anayesanso. Anautembenuza, nauyang'anitsitsa, n'kuutsegula ndi manja awiri.

"Nanga nsonga ili kuti?" anafunsa Butchala. Anautenga, nayesa kulowetsa zala zake zonenepazo m'timaenje, koma zinakana. "Iii, koma Amisiri! Chinachitika n'chiyani?"

"Woyeserera amakhala choncho nthawi zina," anatero Aphunzitsi msangamsanga. Anaulanda, naupinda, n'kuubweza patebulo. Foni imene anali ataitulutsa anaigoneka chafufumimba. "Chithunzi tisajambule. Anzathu tikawauza kuti matenda sanawalole kumaliza. Mwana wanga, usadandaule, za m'nyumba muno zithera muno."

Chifundo chimenecho ndiye chinamulasa Foromani kuposa mawu a Butchala. Akanakonda alendowo akanangoseka. Anamva manyazi, anamva chisoni, anamvanso ukali wosadziwa woupsera. Bambo ake anali asanathe milungu iwiri m'manda, ndipo anthu anayamba kale kuwabisira zolakwa ngati mwana wonyowetsa mphasa.

"Tandipatsa."

Onse anatembenuka. Anali amayi, atatambasula dzanja lamanzere.

"Amayi, ndi wakuthwa," anatero mlongo wa Foromani.

"Ndakhala ndi mipeni m'nyumba muno iwe usanabadwe. Tandipatsa."

Foromani anauika m'dzanja lawo. Zala zinayi zowondazo zinakhala m'timaenje muja, chilichonse pamalo pake, ngati zinachokera momwemo. Chala chachikulu chinapeza kamsomali kakuchidikira. Anangokankha pang'ono, mpeni n'kutseguka, tswa!

Amayiwo anakhala kanthawi akuuyang'ana.

"Bambo amenewa," anatero. "Chaka chatha, atangochokera kuchipatala kokayezetsa mtima, anandibweretsera dongo. Ati finya ndi dzanja lamanzere, adokotala akuti ndi masewera olimbitsa zala. Ndinafinya kamodzi kokha, iwo n'kulanda, n'kuthawa nalo kushedi. Ine ndimvekere, masewera anji ofinya kamodzi? Ati ndiwe wamphamvu kale."

Butchala anavula chipewa chimene anaiwala kuvula polowa. Aphunzitsi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale anali oyera. Mlongo wa Foromani anayang'ana kuwindo, dzanja lili pakamwa.

Amayi anakoka mbale, nasankha lalanje limodzi, n'kuliika patebulo. Ananyamula dzanja lofumbata lija n'kulitsamiritsa pamwamba pa lalanjelo kuti lisagubuduke. Mpeni unadutsa pafupi kwambiri ndi zala zosamvazo, ndipo kumapeto kwake kunakhudza khungu, koma popeza kunali kozungulira sikunabaye. Foromani anaona zimenezi, ndipo mpweya umene anaugwira chiyambire m'mawa unatuluka wonse pamodzi ndi misozi.

"Tingajambule, mayi?" anafunsa Aphunzitsi.

"Jambulani. Koma dzanja langa lionekemo, asamati anasemphanitsa."

Lalanje linagawika pawiri, kenako panayi, mofanana ndi mmene Amisiri ankadulira. Wotchi ya pakhoma inali itangokwana folo. Amayi anatenga chidutswa choyamba, nachiluma, nkhope n'kukwinyika.

"Lowawasa," anatero.

Anadya zidutswa zinayi zonsezo okha, osagawira munthu. Kenako anapukuta mpeni pa siketi yawo, n'kusankha lalanje lina loti adulire alendo.