Tinalekezera Pati?

Amuna anga aliyense amawatchula kuti Aphunzitsi, kuyambira wolondera pageti mpaka akuluakulu a kukhonsolo, koma satifiketi ya uphunzitsi sanakhalepo nayo. Sukulu anaisiyira panjira bambo awo atamwalira, n'kukalowa ntchito m'sitolo ya zitsulo. Ine ndinkasoka pakhonde la sitolo yomweyo, miyeso ya anthu ndikuisunga m'mutu chifukwa kulemba sindinkadziwa.

Titangokwatirana anagula buku lakale lophunzitsira akuluakulu kuwerenga, ndipo wophunzira wawo woyamba ndinali ine. Ankandigwira chala n'kuchiika pa mzere. Kenako kunabwera madalaivala awiri, amayi a kumsika, makaniko, mpaka tinachita kubwereka galaja. Anthu aja atayamba kufuna masamu ndi kalembedwe ka makalata a ntchito, zomwe eniakewo sankazidziwa bwino, ankaphunzira tsamba limodzi m'mawa n'kukaliphunzitsa masana. Phunziro lililonse ankaliyamba ndi funso limodzi: "Tinalekezera pati?"

Ine ndinalekezera pa tsamba 42. Galaja itadzaza anandiuza kuti, "Inu ndi apakhomo, mayi, tidzapitiriza tikapeza mpata." Mpatawo ndaudikira zaka makumi atatu. Galaja inasanduka sukulu, sukulu inabala sitolo ya makope, sitolo inabala makina osindikizira. Amalonda anawasankha kukhala wapampando wa bungwe lawo, ndipo magetsi a mumsewu wathu ndi iwowa anawamenyera nkhondo. Munthu wosakhazikika ngati ameneyu sindinamuonepo. Tiyi amamwa chilili, makiyi akulira m'thumba, phazi limodzi lili kale pakhomo. Ine kuwerenga ndinangotolatola ndekha, pang'ono apa pang'ono apo, ndipo pagulu ndimati magalasi ndaiwala kunyumba. Zimandiwawa, ndisakunamizeni.

Chaka chatha matenda a shuga anawawononga maso. Munthu amamuona, galimoto amaiona, koma zilembo zinasanduka utsi. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale ana athu. Kuofesi ankauza mlembi kuti awerenge makalata mokweza, ati akumuyesa katchulidwe. Mantha awo anali amodzi: amalonda akadziwa, awalanda mpando nyumba yowerengera mabuku isanathe, nyumba yomwe anaivutikira zaka zisanu ndi chimodzi.

Nyumbayo inatha, ndipo anati itsegulidwa Lachisanu. Lolemba m'mawa analowa m'chipinda changa chosokera, momwe saponda chaka chonse, mapepala anayi ali m'manja.

"Mayi, komiti yalemba zoti ndikayankhule. Mundiwerengere, ine ndiloweze."

"Ine? Mlembi wanu wathyoka pakamwa?"

"Akawerenga kasanu azindikira. Chonde, mayi a ana."

Ndinafuna kuwauza kuti akafunse madalaivala aja anamaliza buku. Koma ndinangosuntha nsalu patebulo n'kuika chala pa mzere.

Masiku anayi amenewo anali ntchito yakalavula gaga. Ine ndikuwerenga mogwagwaja, iwo akuzungulira chipinda, kuchoka pawindo kupita pachitseko, kugunda dengu la ulusi, kubwereza mawu, kundifulumizitsa. Lachitatu ndinafika pa mawu ena okhala ndi kachizindikiro kopachikika pamwamba, ndipo ndinawerenga kuti "pangono pangono."

"Pang'onopang'ono! Aa, mayi, ngakhale zimenezi?"

"Sitinafikepo," ndinatero.

Sanamve n'komwe. Foni inali italira, ali kale pakhonde kukangana ndi wobwereketsa mipando. Ndinaluma mlomo mpaka kumva magazi.

Pofika Lachinayi masana anali ataloweza masamba onse anayi. Mutu ali nawo, pamenepo sindingawanamizire. Tinagwirizana kuti ndikhala kutsogolo, ndipo ndikatsokomola azitembenuza tsamba kuti anthu aziona ngati akuwerenga.

Lachisanu holo inadzaza mpaka ena kuimirira m'mbali mwa mashelefu. Fungo la penti linali lisanathe. Theka la anthuwo linadutsa m'manja mwawo: makaniko uja tsopano ali ndi imvi, mayi wina wa kumsika yemwe lero ali ndi magolosale atatu, ana ndi adzukulu awo. Atangotsala pang'ono kukwera pansanja, mlembi anathamanga n'kuwasinthira mapepala.

"Aphunzitsi, tawonjezera ndime pa tsamba lachitatu, yothokoza omwe apereka mabuku dzulo. Musaidumphe, ali pompano."

Amuna anga anangoti, "Chabwino," n'kukwera.

Tsamba loyamba linayenda ngati madzi. Ndinatsokomola, anatembenuza. Lachiwiri chimodzimodzi, anthu akuomba m'manja. Pa lachitatu ananena mizere iwiri n'kuima. Anasendeza pepala kufupi ndi nkhope, kenako patali. Anapukuta magalasi. Makiyi anayamba kulira m'thumba, ndipo chimkuzamawu chinawatola, holo yonse n'kumamva. Wina kumbuyo anatsokomola, ndipo iwo, poyesa kuti ndine, anatembenuza tsamba, kenako n'kubwezanso. Thukuta linali kamukamu pachipumi.

Ndiye pakamwa pawo panatuluka zomwe panazolowera: "Eee... tinalekezera pati?"

Holo inaphulika ndi kuseka. Ankayesa nthabwala ya m'galaja. "Tsamba lachitatu, Aphunzitsi!" anakuwa makaniko, ena n'kumamuthandiza.

Ine sindikudziwa chinandiimiritsa. Ndinangopezeka ndili chilili, chikwama chagwa pansi, mawu atuluka kale.

"Tsamba 42!"

Mwana wathu wamkazi anandikoka diresi. "Amayi, khalani pansi." Sindinakhale. Ndinali nditakwiya, ndinali ndi mantha, ndipo ndinkadziwa kuti ndawavula pagulu.

Amuna anga anatembenukira komwe kunachokera mawu. Anatulutsa dzanja m'thumba, makiyi n'kusiya kulira. Kwa nthawi yoyamba chikwatirane nawo ndinawaona ataima osagwedezeka.

"Akunena zoona," anatero. "Abale anga, pepala ili sindikuliona. Chaka chatha tsopano chisiyire kuona zilembo, ndipo ndakhala ndikukunamizani. Za mpando mukambirana nokha. Koma amayi awa ndi wophunzira wanga woyamba, ndipo ndi yekhayo amene sindinamumalizitse buku. Mayi, bwerani."

Ndinakwera masitepe atatu a pansanja. Ndinalandira pepala, n'kuliyala pagome. Magalasi oti ndinamizire kuiwala anali pamphuno. Ndinaika chala pa mzere, pamaso pa anthu onsewo, pamaso pa adzukulu anga omwe amawerenga zinthu pafoni osagwedeza n'komwe milomo.

"Ti-ku-tho-ko-za a-dokotala a mano, omwe a-pe-re-ka makatoni awiri, pa-mo-dzi ndi..."

Kachizindikiro kaja kanali pomwepo, kopachikika pakati pa mawu. Chala chinaima. Ndinadziwa kuti ndikatchula ndilakwitsa.

"Mwaona chiyani?" anafunsa chapansipansi, koma chimkuzamawu sichisunga chinsinsi.

"M, n, g, ndiye kaja ka pamwamba."

"Aha. Kameneko kakakhala pambuyo pa g, musamumenye g uja. Mawu adutsire m'mphuno, ngati muli ndi chimfine. Nenani: ng'a."

"Ng'a."

"Ng'e."

"Ng'e."

Pofika pa "ng'i" makaniko anali atalowerera, kenako mayi wa magolosale, kenako holo yonse, azibambo a matayi ndi agogo omwe, akuyankha limodzi ngati masiku a m'galaja. Palibe ankaseka. Mayi wa magolosale ankapukuta m'maso ndi mpango.

"Tsopano bwererani pa mzere wanu," anatero.

"Pamodzi ndi mng'ono wawo," ndinawerenga, ndipo mawuwo anatuluka bwinobwino.

Anafufuza pagome mpaka anapeza dzanja langa. Anagwira chala changa monga kale pakhonde la sitolo ya zitsulo, koma ulendo uno chala changa ndi chomwe chinkadziwa pomwe pali mzere.

"Limenelo ndi tsamba 43," anatero. "Ndachedwa nalo, mayi a ana. Pepani. Pitirizani, ine ndikumvetsera."