Madzi a Bambo Eudald

Mumzinda wonse wa Terrassa dzina la Roser Vilaplana linkadziwika, koma nkhope yake ankaidziwa ndi ochepa. Nanga wapagolo wa masewero a hoke si amakhalira m'chisoti? Zaka khumi ndi zinayi anatchingira dziko lake zigoli, ndipo anthu ankamufera chifukwa cha katsetserekedwe kake: ankadziponya chammbali, n'kuyenda pakapeti yoyalidwa pabwalo ngati sopo, mpira n'kufera pamwendo pake.

Loweruka limenelo kalabu yomwe inamulera inkatsanzikana ndi kapeti yakale, ija yofuna kuthirira masewero asanayambe. Yatsopano inali yosafuna madzi, ndipo bwalolo linali loti litchedwe dzina la Roser. Anakondwa ndithu, koma mtima wake unali pa Bambo Eudald, omwe anathirira bwalolo zaka makumi atatu. Ntchito yawo inkathera limodzi ndi kapetiyo, masana omwewo ankakwera basi kukakhala kwa mchemwali wawo kumapiri, ndipo Roser anali asanawathokozepo n'kamodzi komwe. Pamndandanda wa oitanidwa, dzina lawo panalibe.

Anawapeza m'kanyumba ka mapampu akudya buledi wopaka tomato.

"Bambo Eudald, tiyeni kubwalo."

"Kukatani? Kuli a masuti uko. Pita, mwana iwe, akakuombere m'manja."

"Ndikudziwa zomwe munkachita," anatero Roser. "Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndinasupuka ntchafu pakapeti youma, ndinalira kuti hoke ndasiya. Kuyambira tsiku lotsatira pagolo pankanyowa kuposa pena paliponse."

Mkuluyo anasiya kutafuna.

"Magolo onse awiri, iwe! Ine si wakuba. Kungoti anzako enawo ankaopa kunyowa."

"Ndiye tiyeni."

"Ayi. Basi yanga ndi ya thu koloko."

Roser anabwerera yekha. Akuluakulu anali atandanda pakati pa bwalo, nsapato zili phuliphuli. Wapampando wa kalabu analankhula mpaka anthu kuyamba kuyasamula, kenaka anapatsa Roser chimkuzamawu.

"Pepani," anatero Roser, "ine pabwalo louma sindinagwirepo ntchito. Bambo Eudald, ndikudziwa mukundimva. Sindilankhula mpaka muthirire."

Anthu anaseka, kenaka kunangoti zii. Mphindi yathunthu inadutsa. Roser anayamba kuopa kuti mwina mkuluyo wanyamuka kale.

Mwadzidzidzi mipopi yonse inati phwaa! Eee, a masuti aja anabalalika, mapepala ali pamutu. Roser anavula nsapato, nathamangira kugolo ndi diresi lake la pamwambo, mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, n'kudziponya chammbali. Anatsetsereka mpaka pamtengo wa golo. Bwalo lonse linaimirira.

Atadzuka, madzi ali chuchuchu, analoza kukanyumba kaja.

"Amene ndinkatsetsereka ndine, koma madzi anali awo. Zikomo, Bambo Eudald!"

Anthu anayamba kukuwa dzina la mkuluyo, ambiri akulitchula koyamba. Iwo anatuluka pang'onopang'ono, chikwama chapaulendo chili m'manja, nafika pomwe panali Roser.

"Mwendo wamanzere ukuchedwabe," anatero.

"Bondo latha, Bambo."

"Ndinaona mmene umayendera. Pagolo ndinathirira kale m'mawa, kawiri."