Nyimbo Yopanda Dzina ya Bambo Idris

Carys anali atangomaliza sukulu. Podikira zotsatira za mayeso, anadzipereka kuthandiza pa wailesi ya chipatala cha m'tauni yawo ku Wales. Masana ankayenda m'mawodi kufunsa odwala nyimbo zimene akufuna, n'kutsika nazo kuchipinda choulutsira mawu. Mumtima ankalota zodzapeza kamnyamata ka maso okongola katagonekedwa penapake, koma tsiku ndi tsiku ankangopeza agogo okonda makwaya.

Lachinayi lina anaima pa bedi la bambo Idris, amene anathyoka chiuno atagwa padenga. Bamboyo anamuuza kuti akazi awo, mayi Glenys, anawaletsa kukwera koma iwo sanamve. Pothamangira kukawadzutsa, mayiwo anaterereka n'kuthyoka mwendo, ndipo tsopano anali m'wodi ya azimayi pamwamba. Chigonekereni mayiwo sanawatumizire amuna awo ngakhale moni. Tsikulo linali lokumbukira ukwati wawo, ndipo a Idris ankafuna kuwapepesa ndi nyimbo imene anavina tsiku loyamba kukumana.

Carys mtima unangoti myaa. Anafunsa dzina la nyimboyo.

"Ndikanalidziwa bwenzi ndikukuvutitsa, mwanawe? Tamvera, imayenda chonchi."

Anaimba cham'mphuno, maso ali tseke. A Emlyn a bedi loyandikana anafunsa ngati wina waiwala ketulo pamoto.

Carys anainyamula nyimboyo pakamwa, kuibwereza njira yonse kuti isathawe. Koma m'chikepe anakumana ndi wokankha mabedi akuimba mluzu wakewake, ndipo pakhonde mayi wogawa tiyi anamuimitsa kumufunsa za mayeso. Atafika pansi, anaimbira bambo Tegid, woulutsa mawu amene ankadziwa mbale ya nyimbo iliyonse pashelefu. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati koyambako ndi nyimbo ya maliro, kumapetoko ndi yotsatsa sopo. Anamulangiza kuti angosankha ina iliyonse yachikondi, poti zonse n'zofanana.

Zimenezo Carys sanazimve n'komwe. Anatsomphola chojambulira mawu patebulo n'kuthamanga nacho kuwodi. A Idris anakana kaye, amvekere mawu awo ndi oitanira nkhosa basi, koma mtsikanayo anali atadina kale batani.

Odwala atamwa tiyi wamadzulo, a Tegid analengeza kuti kwa mayi Glenys kukubwera uthenga wochokera pansi. Carys anali atakwera kale, ataima pakhomo la wodi ya azimayi, akuyembekeza misozi. Mawu a bambo Idris anatuluka m'zomvera za m'makutu pa bedi lililonse, akukwera pamene amayenera kutsika, ndipo chakumbuyo kunkamveka a Emlyn akupempha nesi mankhwala a mutu.

Mayi Glenys anamvetsera nkhope ili gwaa. Itatha, anamukodola Carys ndi chala.

"Ndiwe wajambula zimenezi?"

"Eya, agogo. Akuti ndi imene munavina mutangokumana."

"Imeneyo anavina ndi Delyth, mng'ono wanga. Ine ndinali pampando, nditawagwirira majekete."

 Carys analakalaka pansi patatseguka. Anayamba kupepesa, kulonjeza kuti atsika pompano akauze a Tegid aike ina, koma anaona mapewa a mayiwo akugwedezeka. Ankaseka, mpaka anzawo a mabedi ena anayamba kufunsa kuti Delyth ameneyo ali kuti masiku ano.

"Ali bwino, anakwatiwa ndi munthu womva zonena," anatero mayi Glenys akupukuta m'maso. Kenako anaitana nesi kuti awabweretsere njinga ya odwala ndi chipeso.

Nesi anakumbutsa kuti nthawi yoona odwala yatsala pang'ono kutha.

"Ndiye fulumirani. Izi si zotuma wailesi, ndikamuuza ndekha mbuzi ameneyu. Iwe mtsikana, kankha."

Carys anagwira njingayo n'kuikankha mwaliwiro moti mayiwo anamukalipira pakhona kuti mwendo wathanzi watsala umodzi wokha.