Tepi ya Lyford

Tepi inali imodzi yokha, ndipo inapita ku Sizinda kwa azakhali a Christobel ili m'kati mwa wailesi.

Zinachitika tsiku logawa katundu wa malemu mkulu wanga Lyford, amene lole inamugunda ali pa njinga pochokera kuntchito kumafakitale a ku Kelvin. Amalume anayala mphasa pabwalo kwathu ku Iminyela n'kumaitana mayina: ovolosi kwa uje, nsapato kwa uje, wailesi kwa azakhali. Ine ndinali m'nyumba, nditagona choyang'ana khoma. Kukoleji ya aphunzitsi ndinali nditachokako tsiku la uthenga wa maliro, ndipo sindinabwererekonso. Za tepiyo ndinakumbukira patapita mwezi wathunthu.

Munali nyimbo zathu zisanu ndi imodzi. Lyford anayamba kukonda panki, nyimbo zaphokoso za achinyamata osamva za munthu, mu 1981, atamva kaseti imene mnzake wa kufakitale anabwera nayo kuchokera ku Mangalande. Anandiuza kuti, "Fanizani, anthu awa kuimba sadziwa, koma taona, sakupempha chilolezo kwa munthu." Ampulifaya yokwezera mawu anapanga yekha ndi zam'kati mwa wailesi yakufa. Ng'oma za mnzathu Enock zinali zitini za penti. Ine ndinkaimba gitala ya besi ya nsambo zitatu chifukwa yachinayi sitinaipeze. Tinajambula kamodzi kokha, Lamulungu masana m'shedi ya abambo a Enock, Lyford akukuwa Chichewa, Chindebele ndi Chingerezi mumzere umodzi. Kwina kulikonse mawu ake kunalibe.

Khalidwe la azakhali tonse tinkalidziwa. Tepi iliyonse yolowa m'nyumba mwawo ankajambulapo nyimbo za kwaya ya amayi a kutchalitchi. Ndinabwereka njinga ya Enock n'kupalasa osapuma.

Ndinawapeza pakhonde akusoka diresi.

"Hawu, wadzuka? Ife timati bedi lakumeza."

"Azakhali, tepi imene inali mu wailesi ija..."

"Moni ulibe? Ndiwe wapolisi? Khala pansi."

Ndinakhala, ndinapereka moni, ndinamva za mwendo wawo wotupa mpaka kumapeto. Kenako ndinafunsa ngati anajambulapo kale.

"Ndinafuna," anatero osasiya kusoka. "Chala chinali kale pa batani lofiira. Ndiye ndinati ndimve kaye chimene ndikufufuta. Ndikungomva, 'Enock, galu iwe, wayamba msanga!' kenako kuseka kwake kuja. Mwanangu, chala ndinachichotsa pomwepo."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi katoni ya nsapato. Munali matepi asanu ndi awiri, iliyonse yolembedwa dzina la wachibale.

"Malaya amapita kwa munthu mmodzi, palibe vuto. Koma mawu a mwana ndisunge ndekha ine? Katundu wa malemu amagawidwa."

Anafotokoza kuti anabwereka wailesi ya mayi a Loice oyandikana nawo, n'kuika ziwirizo choyang'anizana patebulo, ina ikuimba, ina ikujambula. Matepi atsopano analibe, choncho anafufuta a kwaya yawo, imodziimodzi, ngakhale ya msonkhano waukulu wa amayi imene ankainyadira. Nthawi iliyonse ankakhala pompo kudikira mpaka nyimbo zonse zithe.

"Ndisakunamize, nyimbo zanuzi n'zoipa," anatero. "Ngati mabeseni akugwa pathandala. Koma yachinayi ija, ya anthu odikira basi pa depoti ya Renkini, ili ndi mutu. Ya abambo ako anatenga kale Loweruka."

"Abambo? Amene ankatizimitsira magetsi tikamaimba?"

"Omwewo. Anaiika m'thumba la jekete ngati akuba."

Anandipatsa yoyambirira ija, yolembedwa ndi dzanja la Lyford. Sindinalimbe mtima kuimvera. Ndinapempha kuti tiike imodzi mwa zawozo. Mawu ake anatuluka ofooka, ngati akuimbira m'chipinda china. Pakati pa nyimbo yachiwiri tambala wa mayi a Loice analira. Kenako kunamveka sitima ikudutsa, ndi azakhali akutsokomola. Pa yachinayi, chapansipansi, kumbuyo kwa kukuwa kwa mkulu wanga, panali mawu a mayi wachikulire akung'ung'udza nyimboyo m'mawu a alito a kukwaya, osaphonya ngakhale pamodzi.

"Ndinaiwala kuti ikujambula," anatero azakhali, akuyang'ana singano yawo.

Mwezi wonsewo ndinkakwiyira aliyense: woyendetsa lole, amalume, Mulungu, ngakhale Lyford yemwe. Pakhonde paja ndinafunafuna mkwiyowo koma sindinaupeze. Ndinagwada ngati mwana, n'kugwira dzanja lawo ndi manja anga onse awiri.

"Zikomo, azakhali."

"Dzuka, ukundidetsera diresi la eni ake. Kwatsala Enock ndi achibale a ku Chipata, ndipo ine makutu atopa. Ubwere mawa udzajambule wekha."

Ndinawafunsa nthawi. Anati m'mawa, tambala uja akatopa kulira.